Intaneti ya pa waya wa lamya: liwiro lake limachokera kuti, nanga limatayikira pati?

Waya wa lamya ya m'nyumba ndi tiwaya tiwiri ta kopa topotana, kalikonse konenepa mamilimita 0.4 kapena 0.5. Anaukonzera mawu a munthu basi, ndipo mawu a pa lamya amakwana m'ma frequency (kuchuluka kwa mafunde pa sekondi) a pakati pa 300 ndi 3,400 Hz. Koma waya womwewo, osausintha kanthu, unadzanyamula ma megabit 8 pa sekondi, kenako 24, kenako 100 ndi kupyola apo. Luso lochitira zimenezi limatchedwa DSL, ndipo mitundu yake yofala ndi ADSL, ADSL2+, VDSL2 ndi G.fast.

Chimene ambiri sachidziwa ndi chakuti liwiro lolembedwa pa pepala la kampani ndi denga chabe. Liwiro lenileni amachita kupangana modemu ya m'nyumba ndi makina a kampani nthawi iliyonse modemu ikayatsidwa, ndipo amapangana atauyeza wayawo. Zimene amayezazo ndi ziwiri: siginolo yafooka motani pofika kumapeto, ndipo yapezako phokoso lochuluka bwanji. Pafupifupi vuto lililonse la DSL limabwerera pa zinthu ziwirizi.

Waya sunali wolakwa

Amene anagwiritsapo ntchito dial-up, intaneti yakale yochita kuyimba nambala ya lamya, amakumbukira kulira kwa modemu ndi malire a 56 kbit/s a muyezo wa V.90 wa 1998. Malire amenewo sanali a kopa. Anali a makina a ku exchange, nyumba ya kampani kumene mawaya onse a dera amathera. Makinawo amatapa mawu ka 8,000 pa sekondi, zotapidwa ulendo uliwonse n'kuzilemba ndi ma bit 8, zonse pamodzi 64 kbit/s, ndipo chilichonse chopitirira 4 kHz amachitaya. Modemu ya dial-up inkadzisandutsa munthu woyankhula, motero inkadutsa pa khomo lopapatiza lomwelo.

DSL sidutsa pa khomo limenelo. Waya ukangolowa mu exchange, usanafike ku makina a mawu, umakumana ndi splitter imene imalekanitsa ma frequency: apansi amapita ku makina a lamya, apamwamba amapita ku bokosi lotchedwa DSLAM. Mu DSLAM muli mamodemu ambirimbiri, imodzi pa waya uliwonse, ndipo zonse zochokera kwa makasitomala imazisonkhanitsa n'kuzitumiza pa fayiba kulowera ku netiweki ya kampani. Choncho DSL imakhala pa chidutswa chimodzi chokha cha ulendo, kuchokera pa soketi ya pakhoma kufika pa DSLAM. N'chifukwa chake munthu amatha kuyankhula pa lamya uku akutsitsa fayilo, ndiponso n'chifukwa chake modemu siyimba nambala iliyonse.

Kumbali ya nyumba pamafunikanso kulekanitsa kofananako. Lamya ikalandira ma frequency a DSL imamveka kusokosera ngati mvula ya padenga, ndipo munthu akanyamula kapena kubwezera chomvera, mmene wayawo umaonekera kwa modemu mumasintha mwadzidzidzi moti kulumikizana kumaduka. Mankhwala ake ndi microfilter, kabokosi ka ma coil ndi ma capacitor kamene kamalola ma frequency apansi okha kufika ku lamya. Chipangizo chilichonse cha pa waya umenewo chimafuna kake: lamya, fakisi, alamu ya chitetezo imene imayimba lamya, ngakhale makina olipirira ndi khadi akale. Modemu yokha ndiyo imalumikizidwa osasefa. Cholakwika chofala n'kulowetsa modemu pa bowo la lamya la microfilter; nyali ya DSL imangophethira tsiku lonse popeza siginolo yonse yasefedwa isanafike.

Tinjira 256

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhaniyi. ADSL yoyamba, muyezo wa G.992.1 wa 1999 wa ITU, bungwe la dziko lonse loona za matelefoni, imagwiritsa ntchito ma frequency kuyambira pansi kufika 1,104 kHz. Sitenga dera lonseli ngati msewu umodzi. Imalidula m'tinjira 256, timene akatswiri amati ma tone, kalikonse kotambalala 4.3125 kHz. Njirayi imatchedwa DMT, ndipo amene anailimbikira kwambiri ndi John Cioffi wa ku yunivesite ya Stanford pamodzi ndi kampani yake ya Amati. Mu 1993 inapambana njira zina pa mayeso a Bellcore, kampani yofufuza za lamya ya ku America, ndipo ndiyo inalowa m'miyezo.

Pa waya wa lamya wamba, pa dongosolo lotchedwa Annex A, tinjira toyambirira timasiyidwa kuti tikhale mpata pakati pa mawu ndi DSL. Kuyambira pa 26 kHz kufika 138 kHz ndi totumizira zochokera kunyumba. Kuyambira 138 kHz kukwera m'mwamba ndi totsitsira. Kanjira kalikonse kali ngati kamodemu pakokha, kamatumiza chizindikiro ka 4,000 pa sekondi, ndipo chizindikiro chimodzi chimatha kunyamula ma bit kuyambira 0 kufika 15.

Kodi amadziwa bwanji kuti kanjira aka kanyamule angati? Modemu ikayatsidwa imayamba ndi moni wa muyezo wa G.994.1, mmene mbali ziwirizi zimauzana mitundu ya DSL imene iliyonse imadziwa. Kenako zimatumizirana siginolo yodziwika kale pa kanjira kalikonse, wolandira n'kuyeza kuti siginoloyo yaposa phokoso ndi ma decibel (dB, mlingo woyerekezera mphamvu) angati. Ntchito imeneyi, imene ikuchitika nyali ikamaphethira, imatenga masekondi makumi angapo pa ADSL ndipo imatha kufika mphindi zingapo pa VDSL2. Zotsatira zake ndi ndandanda ya ma bit a kanjira kalikonse. Zili ngati mlimi amene amayenda mzere ndi mzere m'munda kuona chonde, n'kubzala mothinana pa nthaka yabwino, motalikirana pa yoguga, ndipo pa thanthwe n'kudumphapo osataya mbewu.

Lamulo lake n'losavuta kulisunga: bit imodzi yoonjezera imafuna ma dB pafupifupi 3 oonjezera. Kanjira ka ma bit 15 kamafuna siginolo yoposa phokoso ndi ma dB opitirira 50, zimene zimatheka pa waya waufupi wokha. Ndipo bit imodzi pa kanjira kamodzi ndi 4 kbit/s, popeza zizindikiro ndi 4,000 pa sekondi. Waya wa tinjira 200 tonyamula ma bit 8 kalikonse upereka 200 kuchulukitsa 8 kuchulukitsa 4,000, amene ndi 6.4 Mbit/s. Liwiro limene tsamba la modemu limasonyeza ndi samu yomweyi, atachotsapo gawo la ma bit okonzera zolakwika.

ADSL2, muyezo wa G.992.3 wa 2002, inakonza kalongedwe ka ma bit n'kufika 12 Mbit/s m'dera lomwelo. ADSL2+, G.992.5 wa 2003, inangowirikiza dera kufika 2,208 kHz, tinjira 512, ndiye 24 Mbit/s. Kotumizira kunatsala cha pa 1 Mbit/s, pokhapokha kampani itatsegula Annex M, imene imabwereka tinjira totsitsira kufika 276 kHz n'kukweza kutumiza kupitirira 3 Mbit/s pa waya waufupi.

Kusiyana kwa kutsitsa ndi kutumizaku anthu amakufotokoza ndi mfundo yakuti munthu amatsitsa zambiri kuposa zimene amatumiza. N'zoona, koma chifukwa chachikulu n'cha magetsi. Ku exchange mawaya mazanamazana amathinana mu chingwe chimodzi. Siginolo zochoka ku DSLAM zimakhala zamphamvu pamalopo, cha pa mamiliwati 100 iliyonse, pomwe zobwera kuchokera kunyumba zimafika zitatheratu mphamvu. Zikanakhala pa ma frequency amodzi, zamphamvuzo zikanadumphira m'mawaya oyandikana n'kumiza zofookazo. Joseph Lechleider wa ku Bellcore ndiye anaonetsa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti kupatsa mbali imodzi liwiro lalikulu ndi inayo laling'ono kumazemba vutoli. Kutumiza anakupatsa ma frequency apansi, amene safooka kwambiri komanso sadumphira kwambiri.

Mtunda

Kopa amadya siginolo, ndipo amadya kwambiri frequency ikamakwera, chifukwa magetsi othamanga chotero amayenda pakhungu pa waya m'malo modzaza mkati monse. Waya wa 0.4 mm umataya ma dB pafupifupi 14 pa kilomita pa 300 kHz, wa 0.5 mm umataya cha m'ma 10 kapena 11. Manambala a decibel amanyenga maso. Kutaya ma dB 3 kumasiya theka la mphamvu, kutaya 10 kumasiya gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo kutaya 60 kumasiya gawo limodzi mwa miliyoni. Waya wautali ukamasonyeza attenuation ya 60 dB, ndiye kuti modemu ikuwerenga kachigawo ka miliyoni ka zimene zinatumizidwa.

Tinjira tapamwamba ndi timene timafa poyamba. Pa waya wabwino, ADSL2+ imapereka cha m'ma 20 Mbit/s pa kilomita imodzi, cha m'ma 8 pa makilomita atatu, ndipo 1 kapena 2 pa makilomita asanu. Kupyola apo nthawi zambiri sigwira n'komwe. Apa pali phunziro kwa amene ali kutali: kusintha kuchoka ku ADSL kupita ku ADSL2+ sikuwathandiza kwenikweni, popeza tinjira 256 toonjezerato tili pamwamba pa 1.1 MHz, kumene siginolo yawo sifikako. Dziwaninso kuti mtunda wowerengedwa ndi wa waya, osati wa msewu. Chingwe chimazungulira mmene anachikumbira kalekale, ndipo nyumba imene ikuyang'anizana ndi exchange imatha kukhala pa waya wa makilomita awiri.

Manambala a pa tsamba la modemu

Pafupifupi modemu iliyonse ili ndi tsamba losonyeza mmene waya ulili. Zoyenera kuyang'ana n'zochepa. Sync rate ndi liwiro limene apangana. Attainable rate ndi limene modemu ikuganiza kuti likanatheka pakanakhala popanda malire a kampani. Attenuation ndi kufooka kuja, ndipo sisinthasintha pa waya wabwino. Ikadumpha ma dB angapo lero ndi mawa, penapake pali polumikiza powola. Kenako pali SNR margin.

SNR margin imasokoneza anthu ambiri chifukwa amaiyesa mlingo wa ubwino wa waya. Kwenikweni ndi mpata wosungira. Pogawa ma bit, modemu sidzaza kanjira mpaka pakamwa. Imasiya ma dB angapo kuti phokoso likakwera pang'ono kulumikizana kusaduke. Makampani ambiri amaika 6 dB. Choncho waya wabwino ndi woipa womwe, zonse zimayamba ndi 6 dB, kusiyana kwake kuli pa liwiro limene zapeza ndi mpata umenewo. Chofunika n'kuona mmene nambalayi ikuyendera pa tsiku. Ikayamba pa 6 masana n'kutsika kufika 1 usiku, pali phokoso la usiku. Ikafika pa 0, zolakwika zimachuluka, modemu imaduka, n'kupangananso pa liwiro lotsika.

Mpatawu uli ndi mtengo wake wowerengeka. Kuukweza kuchoka pa 6 kufika 9 dB kumachotsa bit imodzi pa kanjira kalikonse. Pa waya wa tinjira 200 ndi 800 kbit/s yapita. Makampani ena ali ndi makina amene amayang'anira waya uliwonse n'kumakweza mpatawu okha akaona kuduka pafupipafupi. Makinawo sasiyanitsa kuduka kwa phokoso ndi kwa munthu amene akuzimitsa modemu kakhumi pa ola poyesa kukonza zinthu. Chizolowezi chozimitsa ndi kuyatsa chimatha kutsitsa liwiro kwa masiku angapo.

Pansi pa tsambalo pamakhala ziwerengero za zolakwika. FEC ndi zolakwika zimene zakonzedwa. Ngakhale zikhale mamiliyoni, musade nazo nkhawa. CRC ndi zimene zalephereka kukonzedwa. ES ndi masekondi amene munali CRC, ndipo nambala imeneyi ndiyo yonena zoona kuposa zonse, chifukwa CRC zikwi khumi zimatha kuchitika m'sekondi imodzi ya mphezi. Ma ES ochepa pa ola palibe kanthu. Mazana pa ola ndi matenda.

Phokoso ndi mitundu yake

Kupotana kwa tiwaya tiwiri tija ndiye chitetezo choyamba. Phokoso lakunja limalowa mofanana m'tiwaya tonse, ndipo modemu imawerenga kusiyana kwa pakati pa tiwayato, motero lofananalo limafafanizika. Chilichonse chosokoneza kufanana kumeneku chimatsegulira phokoso khomo: kawaya kamodzi kokhudza nthaka, polumikiza pa dzimbiri mbali imodzi, chingwe chafulati chosapota.

Phokoso lina n'lokhazikika. Mawailesi a AM amaulutsa pakati pa 530 ndi 1,600 kHz, m'dera lenileni la ADSL, ndipo usiku mafunde awo amafika kutali kwambiri kuposa masana. N'chifukwa chake margin imatsika dzuwa likalowa ngakhale m'nyumba simunasinthe kanthu. Pa chithunzi cha ma bit a tinjira, wailesi imaoneka ngati kadzenje kopapatiza. Modemu imalimbana nalo ndi bitswap: imachotsa bit pa kanjira kodwala n'kuiika pa kena kamene kali ndi mpata, osadula kulumikizana. Kuyambira pa ADSL2 palinso SRA, imene imasintha liwiro lonse uku zinthu zikuyenda, ngati kampani yaitsegula.

Loopsa ndi phokoso logunda mwadzidzidzi. Limachokera ku switch ya firiji, mota ya pampu, mpanda wa magetsi, mphezi, ndipo makamaka ku ma adaputala a magetsi otchipa kapena okalamba, ma charger ndi magetsi a LED. Adaputala yodwala imagunda ka 100 kapena 120 pa sekondi motsatira magetsi a m'nyumba, ndipo imatha kusokoneza nyumba zingapo zoyandikana. Kugunda kotere kumaononga tinjira tonse nthawi imodzi, ndiye bitswap ilibe pothawira.

Apa pamagwira ntchito njira ziwiri. Reed-Solomon imaonjezera ma byte apadera amene amalola wolandira kukonza ma byte ochepa oonongeka m'gulu lililonse. Koma kugunda kumodzi kumaononga ma byte ambiri otsatizana, kuposa amene gulu limodzi lingakonze. Ndiye pali interleaving, imene imamwaza ma byte a gulu limodzi pa nthawi yaitali, kuwasakaniza ndi a magulu ena, kuti kugundako kukhudze pang'ono pang'ono m'magulu ambiri. Mtengo wake ndi kuchedwa, kawirikawiri mamilisekondi 8 mpaka 20 kapena kuposa. Osewera magemu amadana nayo ndipo amapempha fast path, njira yopanda interleaving, koma pa waya waphokoso fast path imangosintha kuchedwa kukhala mapaketi otayika, zimene n'zoipa kwambiri. Njira yabwino inabwera mu 2010 ndi G.INP, muyezo wa G.998.4: mamodemu amasunga zimene atumiza kwa kanthawi, ndipo chidutswa chikaonongeka amachitumizanso chokhacho. Kuchedwa kumabwera pokhapokha pagunda phokoso.

Kusaka gwero la phokoso la m'nyumba sikufuna zida zodula. Tengani wailesi ya mabatire, iikeni pa AM cha pa 600 kHz pamalo popanda siteshoni, muyende nayo m'nyumba. Chipangizo cholakwa chimalira mokalipa mukachiyandikira. Kapena zimitsani magetsi a zipinda chimodzichimodzi uku mukuyang'ana margin. Ikadumpha ma dB atatu kapena anayi, mwachipeza chipinda chake.

Matenda a waya weniweniwo

Ena ndi akale, otsalira m'nthawi ya mawu okha. Pa mawaya aatali, makamaka ku North America, ankaika ma loading coil a 88 mH pa mamita pafupifupi 1,800 alionse kuti mawu azimveka bwino. Coil yotere imapha chilichonse chopitirira 4 kHz, ndiye DSL sigwira mpaka ataichotsa.

Bridge tap ndi nthambi ya waya yolumikizidwa ku waya wanu koma yosathera pa chipangizo chilichonse. Siginolo imalowa m'nthambimo, n'kugunda kumapeto, n'kubwerera. Pa frequency imene utali wa nthambiyo ndi kota ya utali wa funde, yobwererayo imafafaniza yeniyeni. Siginolo imayenda pa waya cha pa makilomita 200,000 pa sekondi, choncho nthambi ya mamita 100 imakumba dzenje cha pa 500 kHz, pakatikati pa ADSL, ndipo ya mamita 10 imakumba cha pa 5 MHz, m'dera la VDSL2. Nambala yachiwiriyi ndi yofunika, chifukwa nthambi za mamita 10 zadzaza m'nyumba: soketi iliyonse ya kuchipinda imene simuigwiritsa ntchito ndi bridge tap. Mawaya a m'nyumba amene ankagwira bwino pa ADSL amatha kudya ma megabit khumi kapena kuposa pa VDSL2.

Palinso split pair, pamene wolumikiza watenga kawaya kamodzi ka gulu ili ndi kena ka gulu lina. Lamya imagwira bwinobwino, poyeza ndi mita zonse zimaoneka zolondola, koma tiwayato sitinapotane, ndiye phokoso lonse la chingwe limalowa.

Chofala kuposa zonse ndi polumikiza powola. Madzi akalowa m'bokosi la pa mtengo kapena la pansi pa nthaka, kopa amachita dzimbiri, ndipo malowo amayamba kukana magetsi mosinthasintha. Kumene anaika waya wa aluminiyamu m'malo mwa kopa zimachitika msanga. Zizindikiro zake n'zodziwika: lamya imathetheka, intaneti imaduka mvula ikagwa kapena mphepo ikawomba, imaduka lamya ikalira, kapena, chodabwitsa, imakhala bwino munthu akanyamula chomvera. Chomalizachi chimachitika chifukwa magetsi a mavolti 48 a ku exchange akayamba kuyenda amaboola kakhungu ka dzimbiri kwa kanthawi. Mukamva kuthetheka pa lamya, nenani ku kampani ngati vuto la lamya, osati la intaneti. N'losavuta kulitsimikiza, ndipo likakonzedwa intaneti imachira yokha.

Amisiri a kampani ali ndi poyambira. Waya wa 0.4 mm umakana magetsi cha pa ma ohm 280 pa kilomita kupita ndi kubwerera, wa 0.5 mm cha pa 175, ndipo capacitance, mlingo wa magetsi amene amasungika pakati pa tiwaya, ndi pafupifupi 50 nF pa kilomita. Poyerekeza zimene mita ikunena ndi utali wodziwika amaona ngati pali pokana moonjeza. Amayezanso ngati tiwaya tiwirito tikufanana poyerekeza ndi nthaka, ndipo ndi chida cha TDR amatumiza kugunda kwa magetsi n'kuwerenga nthawi imene kwabwerera, kuti adziwe kuti vuto lili pa mamita angati.

Musanawaitane, dulani nkhani pakati. Pitani pa soketi yoyamba, pamene waya wa kampani umalowera m'nyumba. Masoketi ena ali ndi chivundikiro chimene mukachotsa chimalekanitsa mawaya onse a m'nyumba n'kusiya bowo loyesera. Ngati lanu lilibe, masulani mawaya a nthambi. Lumikizani modemu pamenepo ndi chingwe chachifupi, mita imodzi kapena awiri, pa bowo la DSL la microfilter yatsopano. Lembani sync rate, attenuation, margin ndi ES, muyerekeze ndi za poyamba, muisiye usiku umodzi. Manambala akakwera, vuto lili m'nyumba ndipo kampani ikhoza kukulipiritsani ulendo wa mmisiri. Akapanda kusintha, yesani modemu ina ndi adaputala yake, chifukwa adaputala ya modemu yomweyo imatha kukhala gwero la phokoso. Zikakhalabe chimodzimodzi, vuto lili kunja. Samalani pogwira tiwaya tosenda: lamya ikalira pamabwera mavolti 75 mpaka 90, ndipo kukakhala mphezi musakhudze n'komwe.

Kukonza kokhalitsa kwa m'nyumba ndi splitter imodzi pa soketi yoyamba, modemu pompo, ndipo nthambi zonse za lamya zichokere kumbali yosefedwa. Zikatero nthambizo modemu siziona. Ngati mukufuna intaneti kuchipinda chakutali, kokani chingwe cha Ethernet, chimene chimapirira mamita 100, osati chingwe choonjezera cha lamya.

Nyali ya DSL yayaka, koma intaneti palibe

Kupangana kwa mamodemu ndi gawo loyamba chabe. Pamwamba pake, ADSL imadula zonse m'tizidutswa ta ATM ta ma byte 53, mmene 5 ndi a adiresi ndipo 48 ndi katundu. Modemu iyenera kudziwa manambala a VPI ndi VCI a kampaniyo, olozera njira ya tizidutswato, monga 8/35 kapena 0/38. VDSL2 inasiya ATM n'kutenga PTM, imene imanyamula mapaketi mwachindunji, ndipo m'malo mwa VPI ndi VCI makampani ambiri amafuna nambala ya VLAN. Kenako rauta imadzidziwitsa ndi dzina ndi pasiwedi kudzera pa PPPoE kapena PPPoA kwa makina otchedwa BRAS, amene akavomera amapereka adiresi ya IP. Nyali ya DSL ikakhala yokhazikika koma ya intaneti ili yofiira, waya ulibe mlandu. Onani manambala amenewa ndi pasiwedi.

PPPoE imadya ma byte 8 pa paketi iliyonse, ndiye MTU, malire a kukula kwa paketi, imakhala ma byte 1,492 m'malo mwa 1,500. Ikaikidwa molakwa, masamba ena amatseguka, ena amangozungulira osatha. Kalongedwe konseka kamadyanso liwiro: paketi yodzaza imafuna tizidutswa ta ATM 32, ma byte 1,696 pa waya onyamula katundu weniweni wosapitirira 1,460. Waya wa 8 Mbit/s umapereka cha pa 6.9 poyesa liwiro, ndipo pamenepo palibe amene wakuberani.

Vuto lina limene anthu amanamizira waya ndi la kutumiza. Foni imodzi ikayamba kukweza zithunzi pa kanjira ka 1 Mbit/s, mapaketi amaunjikana mu modemu kudikira mpata. Timapaketi tovomereza zimene zatsitsidwa timaima pa mzere womwewo, ndiye kutsitsa nakonso kumagwa, ndipo mawu a pa intaneti amadukaduka. Tsamba la modemu limasonyeza zonse zili bwino. Mankhwala ake ali mu rauta: kuika malire a kutumiza pang'ono pansi pa liwiro la waya, cha pa 85 kapena 90 peresenti, ndi kutsegula SQM, njira yolongosola mzere wa mapaketi, ngati ilipo.

Kufupikitsa kopa

Chiyambire ADSL2+, kupita patsogolo kwakukulu kwadalira kusuntha DSLAM kuifikitsa pafupi ndi nyumba. VDSL2, G.993.2 wa 2006, kawirikawiri imakhala mu kabati ya m'mbali mwa msewu yodyetsedwa ndi fayiba. Mtundu wake wofala, 17a, umafika 17.664 MHz ndi tinjira 4,096, ndipo madera otsitsira ndi otumizira amasinthanasinthana kukwera m'mwamba. Pa mamita 300 oyamba imatha kufika cha pa 100 Mbit/s. Ikadutsa kilomita imodzi ndi theka sisiyana kwenikweni ndi ADSL2+. Mtundu wa 35b umawirikiza deralo n'kufika 300 Mbit/s pa waya waufupi kwambiri.

Pa ma frequency amenewa mdani wamkulu ndi anzanu a m'chingwe chimodzi. Woyamba kulumikizidwa pa kabati amapeza liwiro lokongola, ndipo limatsika pang'onopang'ono anthu akamachuluka, popeza siginolo ya aliyense imadumphira m'mawaya a anzake. Pa kutumiza, mamodemu apafupi ndi kabati amalamulidwa kutsitsa mphamvu kuti asamize akutali. Pa kutsitsa, yankho linabwera mu 2010 ndi vectoring, G.993.5. DSLAM imadziwa zimene ikutumiza pa waya uliwonse, imayeza mmene waya uliwonse umadumphira mwa unzake, ndiye imaonjezeratu siginolo yotsutsana ndi phokosolo kuti likafika kunyumba likhale litafafanizika. Zimafuna kuti mawaya onse a chingwecho akhale pansi pa makina amodzi. Modemu imodzi yosadziwa vectoring, kapena DSLAM ya kampani ina m'chingwe chomwecho, imachepetsa phindu la onse.

G.fast, G.9701 wa 2014, imakwera kufika 106 kapena 212 MHz, ndipo m'malo mogawa ma frequency imagawa nthawi, kamphindi kotsitsa, kamphindi kotumiza. Imayandikira gigabit imodzi, kuphatikiza mbali zonse, pa waya wosapitirira mamita 100, ndipo vectoring kwa iyo si chosankha. Malo ake enieni ndi nyumba zosanjikizana, kumene fayiba imathera pansi ndipo kukoka ina kufika khomo lililonse n'kodula. Pa mtunda woterewu mawaya a mkati mwa nyumba amakhala gawo lalikulu la ulendo wonse, moti nthambi ya mamita awiri kapena atatu yoiwalika kuseri kwa kabati ya zovala imakumba dzenje m'dera limene G.fast imadalira.